Nyimbo nazonso zili ndi nazale yake

Mlungu wathawu alamu anga anandipeza pakhonde nkhope ili yakugwa. Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi mwana wa mlongo wanga, wasankhidwa kupita kuyunivesite kukaphunzira za nyimbo. Mudzi wonse ukululutira, iwo okha ndiye tulo sakutiona.

"Alamu," anatero, "ine ndizikagulitsa mabelo ku Chinkhoma kuti mwana akaphunzire kuimba? Kuimbako si amaimba kale kutchalitchi osalipira kanthu?"

Sindinawaseke. Munthu amene wakhala miyezi akusoka fodya m'chigafa ali ndi ufulu wofunsa kumene ndalama yake ikupita. Ndinawauza kuti mantha awo ndi oona, koma awayang'anitsa kolakwika. Chimene chimaononga ndalama ya kholo si nyimbo ayi. Ndi mwana kulowa m'kalasi osadziwa kumene akulowera.

Ndaphunzitsa kwaya kuno ku Mtunthama kwa zaka zambiri, ndiye ndili ndi mboni. Kunali mnyamata wina m'kwaya yathu amene kiyibodi inkachita kumumvera. Nyimbo akaimva kamodzi pa wailesi, madzulo ake waiimba yonse. Atapita kuyunivesite ina, tsiku lolembetsa makosi anangotsatira anzake a chipinda chimodzi. Phunziro lowerenga ndi kulemba manotsi analitenga mwachibwana, ati ine ndimaimba kale. Analephera. Chaka chotsatira anapeza kuti maphunziro opeka nyimbo amene ankawalakalaka sangawalowe asanakhoze lija analinyoza. Anabwereza chaka, bambo ake n'kugulitsa ng'ombe. Nditamufunsa ngati anakaonanako ndi mlangizi wa maphunziro, anandiyankha kuti ankayesa ofesi imeneyo ndi ya ophunzira amene apalamula.

Ife alimi a fodya tikudziwa kuti sungawokere usanafese nazale. Maphunziro a kuyunivesite nawo anayalidwa chimodzimodzi. Pali makosi okakamiza, amene aliyense ayenera kuwatenga. Pali ena osankha wekha. Ndiye pali ena amene khomo lake silitseguka usanakhoze kosi ina yam'mbuyo. Amene amaidziwa bwino misewu imeneyi ndi mlangizi wa maphunziro, kapena mkulu wa dipatimenti. Monga mmene mlangizi wa zaulimi amakuthandizira bwino ukamuitana mbewu isanapserere, uyunso umupeze mlungu woyamba, osati mayeso atakugwetsa kale.

Ophunzira nyimbo ndiye afunika uphungu umenewu kuposa anzawo, ndipo chifukwa chake chili pakhomo pathu pompano. Pa Kamuzu Academy, sukulu imene inatsekulidwa mu 1981, mwana amatha kukhudza piyano ndi kuona manotsi akadali wamng'ono. Koma m'masukulu ambiri a sekondale a boma mulibe mphunzitsi wa nyimbo. Ana athu ambiri nyimbo amaiphunzirira kukwaya, ndi khutu, mwina ndi solofa pang'ono. Ana awiriwa akakumana m'kalasi imodzi, wa kumudzi uja amadziona ngati mbuli, mwina n'kuyamba kubisala kumbuyo. Mlangizi akauzidwa msanga amadziwa pomuyambitsira. Akabisiridwa, amangoona dzina pa mndandanda wa olephera.

Choncho usiku umenewo ndinamuitana mtsikanayo, bambo ake ali pomwepo, n'kumupatsa mawu oti anyamule pamodzi ndi zofunda.

Choyamba ndinamuuza kuti akapemphe kabuku kapena pepala losonyeza makosi a zaka zonse, osati a semesita yoyamba yokha. Akayambe kuwerengera kumapeto. Kodi akufuna kudzatuluka ali mphunzitsi, wopeka nyimbo, wojambula nyimbo mu situdiyo, kapena wofufuza nyimbo za makolo? Akasankha kumene akupita, abwerere cham'mbuyo n'kuona makosi amene ali nazale ya zimenezo. Akasintha maganizo pakati panjira si tchimo, bola akasinthe mlangizi akudziwa.

Chachiwiri, asakachite manyazi kunena chimene sadziwa. Akalowe mu ofesi n'kunena kuti, "Ine solofa ndimaidziwa, koma manotsi a pa mizere isanu sindinawaonepo." Mawu ochepawa akhoza kupulumutsa fizi ya chaka chathunthu. Kuwerenga manotsi, kuphunzitsa khutu ndi kiyibodi akazigwire chaka choyamba, zikadali zofewa.

Chachitatu, akawerengere nthawi. Phunziro la nyimbo silithera m'kalasi. Chida chimafuna kuchigwira tsiku ndi tsiku, ndipo zida pa sukulu zimakhala zochepa, ophunzira ambiri. Ndandanda ikaoneka kuti ili ndi mipata, mipatayo si yopumira, ndi ya pulakatisi. Ndinamuchenjezanso kuti mawu ake ndi okoma, ndiye makwaya ndi mabandi akamulimbirana. Akasankhe gulu limodzi. Mapanga awiri avumbwitsa.

Chachinayi, akafunse za makosi a kunja kwa nyimbo amene angaphatikize. Woimba wa lero afunika kudziwa kuwerengera ndalama, kugwiritsa ntchito kompyuta, ndi malamulo a umwini wa nyimbo. Bungwe la COSOMA lakhala likutolerera oimba ndalama kuyambira 1992, koma oimba angati atha kuwerenga mgwirizano asanasaine?

Chomaliza, ndipo ichi ndinachinena motsindika, asakasiye pa geti zimene wachoka nazo kuno. Mtsikana ameneyu wakulira m'bwalo la chimtali. Amasiyanitsa kulira kwa mbalule ndi kwa mpanje ali m'nyumba. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika Gule Wamkulu ndi Vimbuza pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi. Ku Thyolo, yunivesite ya MUST ili ndi digiri ya nyimbo za chiafirika, ndipo ku Zomba, University of Malawi yakhala ikuphunzitsa nyimbo kwa zaka zambiri. Akatswiri ngati Gerhard Kubik anachoka ku Austria kudzakhala pansi ndi Daniel ndi Donald Kachamba ku Chileka kuti amvetse kaimbidwe kawo. Ndiye mwana wa ku Kasungu achitirenji manyazi ndi ng'oma ya kwawo? Pa chaka chomaliza ophunzira amalemba kafukufuku wawo, ndipo wake akhoza kudzamupeza pabwalo la agogo ake.

Mtsikanayo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa funso limene linandigwira mtima. "Amalume, nanga mlangiziyo akakakhala wotanganidwa, n'kundibweza?"

Ndinamuuza kuti akabwererenso mawa lake, atalemba mafunso ake papepala kuti asamutayitse nthawi. Akabwezedwanso, akagogode kwa mkulu wa dipatimenti. Ophunzira a chaka chachitatu ndi chachinayi akhoza kumuuza zambiri, koma chimene amva kwa mnzake akachitsimikize mu ofesi, chifukwa makosi amasintha ndipo mnzakoyo sadzakubwezera fizi.

Kwa inu aphunzitsi a m'mayunivesite, pempho langa ndi limodzi. Mwana wochokera kumudzi analeredwa kuti asamayambe kulankhula pamaso pa wamkulu. Akakhala chete sikuti wamvetsa. Muitaneni inuyo mlungu woyamba, mumufunse chimene amadziwa ndi chimene sadziwa.

Alamu anga sananene kuti ndawagonjetsa, ndipo sindinayembekeze kuti atero. Ponyamuka anangomuuza mwana wawo kuti pepala la makosilo akalipeza, alijambule pa foni n'kutumiza kwa amalume ake, tidzaliwerengere limodzi pakhonde pomwe pano. Ndalonjeza kuti ndidzaliwerenga mzere ndi mzere.