Mwana Akaima Pakhomo Panu

Funso la mwezi uno lachokera kwa ana athu amene akukhala m'mizinda ikuluikulu, ku Johannesburg ndi kutsidya kwa nyanja. Akuti madzulo a pa 31 Okutobala ana a anthu oyandikana nawo amafika pakhomo atavala zigoba ndi nsanza zoopsa, wina ngati mzukwa, wina ngati mfiti, napempha maswiti. Kodi Mkhristu atsegule chitseko, kapena azimitse nyali ndi kukhala chete ngati m'nyumbamo mulibe munthu?

Mwambowu amautcha Halloween. Dzinali limanena za usiku wotsogolera tsiku la Oyera Mtima Onse, limene Akatolika amakumbukira pa 1 Novembala. Kale ku Ulaya amphawi ankayenda khomo ndi khomo pa nyengo imeneyi kupempha timikate, nalonjeza kupempherera akufa a pabanjapo. Anthu a ku Ireland ndi ku Scotland anapita ndi miyambo ya usikuwu ku America m'zaka za m'ma 1800, ndipo kumeneko linasanduka tsiku la ana ndi la ogulitsa maswiti. Amasemanso maungu kuti aoneke ngati nkhope, naikamo kandulo. Ife amene timadziwa ntchito ya dzungu njala ikavuta, zimenezi zimatiwawa mumtima pang'ono.

Kunena mosabisa, mwana wanu musamuveke chovala cha mzukwa kapena cha mfiti. Deuteronomo 18 amatiletsa kuchita ndi mizimu ya akufa, ndipo kwa ife ufiti si nthabwala: ndani sanamvepo za agogo amene anapirikitsidwa pamudzi atanamiziridwa kuti amatamba? Ndiponso tsikuli ife tili nalo ntchito kale, pakuti timakumbukira kuti pa 31 Okutobala 1517 Martin Luther anatulutsa mfundo zake 95 ku Wittenberg, kukonzanso kwa mpingo nkuyambika.

Koma mwana wa mnzanu musamutsekere chitseko. Kuseri kwa chigobacho kuli kamwana ka zaka zisanu ndi chimodzi kamene za Ireland sikazidziwa. Kakudziwa switi basi. Kapatseni, mukafunse dzina, mupereke moni kwa mayi ake amene aima pamsewu. Ku South Africa, kumene abale athu anatenthedwa nyumba ndi kuthamangitsidwa m'chaka cha 2008 chifukwa chokhala alendo, kudziwana ndi woyandikana naye si chinthu chaching'ono. Amene chikumbumtima chake sichimlola, asachite, ndipo pasakhale kuweruzana. Aroma 14 anatha kale mlandu wotere.

Tsono tibwerere kuno ku Insaca, poti nafenso tili nawo ana ogogoda pakhomo. Pa 25 Disembala, tsiku limene boma lathu limatcha Dia da Família, ndi pa 1 Januwale, ana amayenda m'timagulu nyumba ndi nyumba akufuula kuti "Boas festas!" Mukawoloka malire pa Entre Lagos kulowa ku Nayuchi mudzamva akuti "Khirisimasi bokosi!" Timawapatsa maswiti, mabisiketi, mandasi, kapena kandalama kachitsulo. Chigoba savala, koma chovala chapadera chilipo: diresi latsopano, kabudula watsopano, nsapato zimene sizinaponde matope.

Chaka chino dzayang'anitsitseni m'timagulu timeneti. Mwana amene sanamugulire chatsopano simudzamuona. Manyazi amamusunga kuseri kwa nyumba, kapena wapita kukatola mango. Disembala ndi mwezi umene nkhokwe zambiri zayamba kulira, chimanga chikadali chaching'ono m'munda, ndalama zinathera ku mbewu ndi feteleza, ndipo ana amasiye amene akuleredwa ndi agogo awo amadya kamodzi patsiku. Mapeto ake maswiti athu amagwera m'manja mwa ana amene kwawo adya kale mpunga ndi nkhuku. Timakangana za zigoba za ku America, pamene mwana wa pakhomo lachitatu kuchokera pathu wagona ndi njala tsiku lobadwa Mpulumutsi. Pa Luka 14 Ambuye anauza amene anawaitanira chakudya kuti aziitana anthu osatha kumubwezera. Ana obisala aja ndiwo amenewo.

Choncho chimene mwakonzera ana muchigawe pawiri. Gawo lina lidikire pakhomo, ndipo aliyense wofika alandire, kaya ndi wa mpingo wathu, wa mpingo wina, kapena mwana wa mnansi wathu wachisilamu. Gawo linalo mulinyamule nokha, mutenge ana anu, mukagogode kumene kulibe wotuluka. Akulu a mpingo ndi aphunzitsi a Sande sukulu akuzidziwa nyumba zimenezi. Anyamata osinkhukirapo ndi bwino kuwapatsa chakudya osati ndalama, poti ogulitsa kachasu nawonso amakhala ali tcheru masiku amenewo. Ana onse akhale atafika kunyumba dzuwa lisanalowe.

Amayi a mpingo adzayamba kulandira mpunga, shuga, sopo ndi zovala za ana Lamulungu loyamba la Disembala, mapemphero akangotha. Chovala chibwere chochapa ndi chosokedwa bwino, mabatani onse alipo, ndipo mulembe pakapepala msinkhu wa mwana amene chingamukwane.