Mwana wa Kwathu Aphunzire Malamulo, Koma Abwere Nawo Kumudzi

Pamene mnyamata kapena mtsikana wa ku Petauke kapena ku Nyimba auza makolo ake kuti mtima wake ukhumba uloya, ambiri a ife timaona m'maganizo munthu wovala mkanjo wakuda, ataimirira pamaso pa woweruza ku Lusaka, napanikiza mboni ndi mafunso; koma ine ndinena kuti ulemerero weniweni wa ntchitoyi, umene dziko la Ansenga liusowa koposa, uli pa tebulo lachete, pamene wodziwa malamulo akhala pansi ndi mlimi, namvetsera modekha, nalemba chikalata choletsa mlandu usanabadwe. Ku England ntchito ziwirizi anazigawira anthu awiri, solicitor ndi barrister, koma kuno ku Zambia loya mmodzi asenza zonse, ndipo mwa ichi gawo lachetelo limaphimbika msanga.

Njira yake siyapafupi. Mwana ayenera kutha zaka zinayi pa yunivesite, monga pa UNZA, yomwe inatsegulidwa mu 1966. Akatero alowe ku sukulu ya uloya ya ZIALE ku Lusaka, kumene mayeso ake ali owawa kotero kuti zaka zina opambana pa ulendo woyamba amawerengeka ndi zala. Ndipo pokhapokha atapyola chipata chopapatizacho ndi pamene dzina lake lilembedwa pakati pa oimira anthu pa milandu. Komabe ana a kum'mawa anaiyenda njirayi. Mayi Irene Mambilima, obadwira m'dera la Chipata, anakhazikitsidwa kukhala mkulu wa oweruza onse m'dziko muno mu 2015, ndipo m'chaka chomwecho a Edgar Lungu, loya amene makolo awo anali a ku Petauke, anakhala mtsogoleri wa dziko. Nzeru ziliko kwathu. Chondiwawa nchakuti zikangooloka mlatho wa Luangwa kulinga kumadzulo, zimakamanga ku Lusaka ndi ku migodi, osabwereranso.

Taonani chimene chimachitika mwambo wa maliro ukatha. Bambo wagona m'manda, phulusa la moto wa pasiwa lisanazizire, ndipo achibale ake, potsata mwambo wakuti chuma chitsata mbumba, ayamba kuwerenga ng'ombe, ngolo, pulawo, njinga ndi malata a nyumba, pamene namfedwa ali chete pamphasa, duku lili kumutu, ana atamuunjirira. Chikhalirecho lamulo la 1989 lonena za chuma cha munthu womwalira wosasiya wilo linagawa kale poyera: magawo 50 pa 100 apite kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a malemu, ndi 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Lamulolo lilipo, koma lili m'buku la Chingerezi, ndipo mayi wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu pa Nyimba alibe womuwerengera. Sindinyoza mwambo wa makolo, pakuti unasunga amasiye ambiri m'masiku amene malume analidi nkhoswe ya ana a mlongo wake. Ndinena za iwo amene abisala kumbuyo kwa mwambo kuti adye za ana amasiye.

Nkhani ya nthaka ndiyo yozama koposa, chifukwa lamulo lija silikhudza minda ya m'manja mwa mafumu. Munda wa m'dziko la Gogo Kalindawalo, la a Nyamphande, a Ndake kapena a Luembe uyendera mwambo. Koma lamulo la nthaka la 1995 lilola kuti malo otere, mfumu ndi khonsolo zikavomereza, asanduke a taitolo ya zaka 99, ndipo akatero achoka m'manja mwa mudzi. Mlendo wofuna malowo amadza ndi loya wake. Nanga mwini munda, amene agogo ake anagwetsa mitengo pamenepo, adza ndi yani? Safunsa anadya phula, anatero akale. Koma munthu afunsa bwanji kumene kulibe wofunsidwa? Mbiri ya munda wa Naboti timaimva m'tchalitchi ndi kupukusa mitu, osazindikira kuti ingachitike kuseri kwa dimba lathu ndi chidindo cha chala chimodzi.

Ena adzati, ndipo sanama konse, kuti kumudzi kulibe ndalama zolipira loya, ndiponso kuti m'makhoti aang'ono a Local Court, mmene milandu yambiri ya maukwati ndi chuma cha masiye imaweruzidwa, maloya saloledwa kuimira munthu. Koma choletsedwa ndi kuyankhula m'bwalomo basi. Kulangiza munthu asanalowe, kumulembera wilo akali moyo, kumuthandiza kuchita apilo kwa majisitireti akaweruzidwa mokhota, zonsezi nzololedwa. Za malipiro, Legal Aid Board ilipo kuti boma lilipire loya wa osauka, ndipo lamulo la 2021 linazindikira athandizi a zamalamulo otchedwa maparaligo, amene angafike kumidzi kumene loya mmodzi sangathe kufika yekha. Pakhale loya wolankhula Chinsenga pa boma la Petauke, wina pa Nyimba, athandiziwo azimtengera nkhani zochokera kwa mafumu a Mwape ndi a Nyalugwe. Makopaletivu a alimi a thonje ndi mtedza, amene amasaina mapangano a ngongole za mbewu osawamvetsa, adzakhala oyamba kugogoda pa khomo lake ndi ndalama m'manja.