Mbiri ya Tete ili kutali ndi eni ake

Mwana wa sukulu wa ku Canongola akafuna kuwerenga makalata akale a boma okhudza mzinda wake wa Tete, ulendo wake ndi wa ku Maputo, ku Arquivo Histórico de Moçambique, nkhokwe yomwe idakhazikitsidwa mu 1934. Makalata ena ali ku Lisboa.

Chonsecho nkhani zake zidachitikira konkuno ku Tete. Mu 1831 Mpwitikizi António Gamitto adanyamuka ku Tete kupita kwa mfumu Mwata Kazembe, nalemba za Amaravi ndi Achewa omwe adawapeza m'njira. Za kuphedwa kwa anthu ku Wiriyamu pa 16 Disembala 1972, katswiri wa mbiri Mustafah Dhada adazimva pakamwa pa opulumuka eni ake.

Agogo a ku Canongola akadali ndi zambiri zosalembedwa. Aphunzitsi, tumani ana akawajambule mawu pa foni chaka chino.