Satifiketi ili mu sutikesi, mwana ali pa stand

Amai na atate a ku Soweto, City Market, Kamwala na Kapata ku Chipata,

Yang'anani pa stand yanu lelo. Amene akuthandizani kupima kapenta kapena kupinda salaula ni ndani? Kambili ni mwana wanu amene anatsiliza Grade 12, wina ali na diploma. Ndalama ya cilimba inapita ku koleji, mwina munatengako na kaloba. Manje pepala igona cabe mu sutikesi.

Kugulitsa kulibe manyazi, ambili a ife ni msika unatilela. Koma simunavutike zaka zonse zija kuti mwana abwelele pamene munayambila.

Maphunzilo aulele mpaka Grade 12 anayamba mu 2022, makalasi anadzala. Funso ni yakuti, anawo aphunzila ciani? Boma ikamba kuti mkuwa wathu ufike matani 3 miliyoni pa caka pofika 2031, cifukwa maiko akunja aufuna pa mawaya na mamotoka oyendela magetsi. Mu 2022 Zambia na DRC anasainilana zopanga mabatile. Nchito zimenezi zifuna ma welder, ma electrician na okonza makina. Ana athu akakhala osazidziwa, makampani adzabwela na anthu ao, ife tidzatsala kuwagulitsa tomato pa geti. Kumbukilani 2024, madzi atacepa ku Kariba malaiti n'kumapita: wodziwa kumanga solar ndiye anali kufunidwa.

Ndalama yophunzitsila luso iliko. Kuyambila 2017 olemba nchito alipila Skills Development Levy, 0.5 pelesenti ya malipilo a anchito. Boma itiuze poyela kuti caka ciliconse ilowa zingati ndipo ipita kuti. Tifuna makina amakono ku Chipata Trades na NORTEC ku Ndola. Wophunzila aliyense wa m'makoleji a TEVETA apite ku attachment asanatsilize. Kampani ya migodi ikalandila laisensi, ilembe kuti idzaphunzitsa acinyamata angati.

Naimwe musakhale cete. Mu CDF muli ma bursary a skills. Pitani ku Ward Development Committee, funsani mafomu, ndipo kansala akuonetseni maina a amene anasankhidwa. Ni ndalama ya msonkho wa tonse, safunika kukufunsani khadi ya cipani.

Tiuzeni: mwana wanu anaphunzila ciani, ndipo manje acita ciani?

Mlembi wa acinyamata