Tsabola ndi wathu, dzina ndi la eni

Nando's idayambira ku Johannesburg mu 1987, ndipo mu 1992 idatsegula ku London. Wina mwa tsabola wokometsera nkhuku zake amalimidwa kuno ku Malawi. Komatu phindu lenileni lagona m'dzina: m'maiko ena wamalonda amatsegula malo odyera m'dzina la Nando's, natsata kaphikidwe kake, n'kumapereka kwa eni dzinalo gawo la zimene wagulitsa. Mlimi wathu amangolandira za pasikelo.

Ofuna mavoti akafika ku Mangochi kapena ku Nkhotakota, tisakhutire ndi zitenje. Tiwafunse: adzachitanji kuti dzina la malonda a Mmalawi, kaya a tsabola kaya a chambo, litetezedwe ndi lamulo, lipeze chiphaso cha halaal chodalirika kunja, mpaka wamalonda wa ku Dubai adzalipire kuti aligwiritse ntchito?