Pulinta Yakufa Si Chinyalala

Kuseri kwa maofesi ambiri m'matauni athu kuli kachipinda komwe anthu salowamo kawirikawiri. M'menemo amaunjikamo mapulinta, masikana ndi makina a fotokope amene anasiya kugwira ntchito. Ukafunsa mlonda kuti muli chiyani, amangoti, "Zakutha, bwana." Monga wophunzira zachiyankhulo, mawu akuti "zakutha" amandivutitsa maganizo, chifukwa chinthu tikachitcha chakutha timasiya kuchiyang'ana. Komatu pulinta ikafa, nthawi zambiri chawonongeka ndi kachipangizo kamodzi chabe, zina zonse zili bwinobwino. Maganizo anga ndi akuti makinawa tisamawasiye kuti achite dzimbiri, koma tiziwapereka kwa ophunzira ndi amisiri kuti apangire makina atsopano.

Tiyambe ndi kuona zomwe zili m'mimba mwa makinawa. Mukatsegula sikana kapena pulinta yakale yaphokoso ija yolemba ndi timadontho, mupezamo ndodo zachitsulo zosalala ndi zowongoka, malamba a mano, magiya, ndiponso mota yapadera yotchedwa stepper. Mota wamba mukaipatsa magetsi imangozungulira osalekeza. Stepper imayenda sitepe imodziimodzi, ndipo ina imafuna masitepe 48, ina 200, kuti izungulire kamodzi. Kompyuta ikamawerenga masitepewo imadziwa pomwe mutu wa makina wafika. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Tsono mukatenga mamota atatu otere, ina yoyendetsa kumanja ndi kumanzere, ina kutsogolo ndi kumbuyo, yachitatu m'mwamba ndi pansi, n'kumangirirapo kachobowolera kakang'ono, ndiye kuti mwapanga makina amene Angerezi amawatcha CNC, kutanthauza makina odula kapena ozokota motsatira manambala ochokera pakompyuta. Kabolodi ka Arduino, komwe kanayambira ku Ivrea m'dziko la Italy m'chaka cha 2005, pamodzi ndi pulogalamu yaulere ya GRBL, kamasandutsa malamulo a pakompyuta kukhala masitepe a mamota aja. Makina otere angathe kuzokota dzina la sitolo pathabwa, kudula pulasitiki, kapena kukanda timizere ta magetsi pabolodi.

Ena anganene kuti ndikulota. Koma m'chaka cha 2013, ku Lomé m'dziko la Togo, Kodjo Afate Gnikou wa ku malo ogwirira ntchito zaluso otchedwa WoeLab anapanga pulinta ya 3D yotchedwa W.Afate pogwiritsa ntchito zitsulo za makompyuta, masikana ndi mapulinta otayidwa. Ndalama zomwe anagwiritsa ntchito zinali pafupifupi madola 100. Pulinta ya 3D ndi m'bale wake wa CNC. Kusiyana kwake n'kwakuti iyo imawumba chinthu powunjika pulasitiki pomwe CNC imadula. Kwathu kuno, William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo m'chaka cha 2002 kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi zida za njinga, anthu akumuseka kuti wachita misala.

Nkhaniyi ikukhudzanso chilengedwe. Lipoti la mabungwe a United Nations lomwe linatuluka m'chaka cha 2024 linati m'chaka cha 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo gawo la 22.3 pa 100 lokha ndi lomwe linasonkhanitsidwa n'kukonzedwanso mwadongosolo. Ndodo iliyonse yomwe yalowa m'makina atsopano ndi chitsulo chomwe sichinapite kudzala.

Sindikubisa kuti pali zovuta. Mamota a mupulinta ndi ofooka, moti makina opangidwa nawo sangadule chitsulo cholimba. Mapulinta ambiri amakono a inki ali ndi mamota wamba, choncho wofuna stepper ayenera kufufuza m'makina akale. Ufa wa tona ndi woipa kuupuma, ndipo zipangizo zina zimasunga magetsi ngakhale makina atazimitsidwa. Koma zovutazi zikungotiuza kuti ntchitoyi ikufunika mphunzitsi. Makina ofooka amene wophunzira wapanga yekha amamuphunzitsa zambiri kuposa makina odula a kunja amene saloledwa n'kuwakhudza komwe.

Apa ndi pomwe ife a zachiyankhulo tikulowerapo. Malangizo opangira makinawa ali pa intaneti, koma ambiri ali m'Chingerezi. Mmisiri wa ku Ndirande amene amawumba mbaula ndi ndowa kuchokera ku malata akale ali ndi manja aluso kuposa ambiri a ife, koma chiyankhulo ndi chimene chamutsekera chitseko. Kodi ndani alembe m'Chichewa momwe stepper imagwirira ntchito ngati si ife? Mutu umodzi susenza denga: wa uinjiniya abweretse luso lake, ife tibweretse mawu.

Pomaliza, ndikupempha akuluakulu a maofesi ndi sukulu zaukachenjede kuti makina akachotsedwa m'kaundula wa katundu, aziyamba aitana ophunzira ndi amisiri asanatseke kachipinda kaja. Ndipo mlonda akadzatinso "zakutha," tidzamupemphe kiyi kuti tikadzionere tokha.