Kuthamanga si Kufika: Miyendo ya Msilikali ndi Udindo Wake

Mwezi uno tikambirane funso limene lakhala likuvutitsa akuluakulu a asilikali kwa zaka zambiri. Kodi msilikali akwezedwe pa udindo cifukwa ca mphamvu ndi liwiro lake, kapena cifukwa cakuti adziwa kutsogolera anzake? Tasankha gulu la nkhondo la pamtunda la dziko la United States, popeza kumeneko nkhaniyi anaiika m'manambala, ndipo aliyense angathe kuona bwino mmene thukuta la pabwalo limasandukira udindo ndi malipiro.

M'caka ca 1980 gululi linakhazikitsa mayeso a mphamvu za thupi a magawo atatu. Msilikali anali kugona cafufumimba ndi kumadzikankha m'mwamba ndi manja kwa mphindi ziwiri. Kenaka anali kugona cagada ndi kumadzuka mobwerezabwereza kwa mphindi zina ziwiri. Potsiriza anali kuthamanga mamailosi awiri, amene ndi makilomita 3.2. Gawo lililonse linali ndi mapointi 100, onse pamodzi 300, ndipo kuti munthu apambane anafunika kupeza 60 pa gawo lililonse. Mayesowa anali kucitika kawiri pa caka, ndipo anakhalapo zaka zoposa 40.

Nanga zimenezi zikhudzana bwanji ndi kukwezedwa? Msilikali wofuna kukhala sajeni, kapena kukwera sitepe yotsatira pamwamba pa usajeni, ayenera coyamba kuvomerezedwa ndi mkulu wake ndi kukaonekera pamaso pa bwalo la akuluakulu. Akatero amalowa pa mndandanda, ndipo amamuwerengera mapointi osapitirira 800. Mapointiwa amacokera ku luso la kuombera mfuti, mamendulo ndi zikalata zomuyamikira, maphunziro a usilikali, maphunziro a kusukulu, ndiponso mayeso a thupi. Mwezi uliwonse likulu limalengeza malire a mapointi pa mtundu uliwonse wa nchito. Wofika pa malirewo amakwezedwa. Wopereweza, ngakhale ndi pointi imodzi yokha, amayembekeza mwezi wina.

M'zaka zotsiriza za mayeso akale aja, wofuna usajeni anali kutha kutenga mapointi 180 kucokera ku mphamvu za thupi zokha, kupitirira gawo limodzi mwa magawo asanu a mapointi onse. Wolephera mayeso amaona zowawa koposa: amamutsekera kukwezedwa kufikira atapambana, ndipo akalephera kawiri motsatizana angathe kucotsedwa nchito. Kwa maofesala ndi masajeni akuluakulu kulibe kuwerenga mapointi motere, koma lipoti la kagwiridwe kawo ka nchito limaonetsa ngati anapambana kapena analephera, ndipo bwalo loona za kukwezedwa limawerenga lipotilo.

Tiyeni tiyerekeze asilikali awiri a nchito imodzi. Woyamba ndi mnyamata wa miyendo yopepuka, wothamanga ngati mphoyo, koma wamtima wapacala, amene anzake amaopa kumufunsa kanthu. Waciwiri ndi wodekha, wodziwa kukonza zida ndi kulangiza acinyamata, koma bondo lake linatha ndi kusenza katundu. Iye amapambana mayeso, koma movutikira. Pa pepala woyamba uja ali patsogolo ndi mapointi ambiri. Iyeyo ndiye ayamba kulandira udindo ndi malipiro okwera, pamene mnzake ndi banja lake akuyembekezabe. Ndipo asilikali amene aikidwa m'manja mwa sajeni watsopanoyo ndiwo adzamve kukoma kapena kuwawa kwa cisankhoco.

Tisafulumire kunena kuti mayesowa ndi opanda pake. Msilikali amayenda mitunda italiitali atasenza katundu wolemera, ndipo tsiku lina adzafunika kukoka mnzake wovulala kumucotsa pamene pakugwa zipolopolo. Sajeni amene amatsalira m'mbuyo sangathe kuuza anyamata ake kuti afulumire. Ndiponso nambala ili ndi ubwino wake: wochi yoyesera liwiro siidziwa mwana wa bwana kapena mwana wa mmphawi. Pamene palibe muyeso wooneka ndi maso, kukondera kumalowa mosavuta.

Bvuto ndi lakuti cinthu cosavuta kuwerenga cimalemera kuposa cinthu covuta kuwerenga. Mphindi za kuthamanga zimalembedwa pomwepo. Koma kuleza mtima, cilungamo pogawa nchito, ndi nzeru zoganiza bwino pamene onse asokonezeka, tingaziyese ndi ciani? Makolo anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Thupi lingathe kukongola pabwalo pamene mtima wa utsogoleri mulibe.

Akuluakulu a gululi nawonso anaona kuti mayeso akale sanali kufanana kwenikweni ndi nchito ya kunkhondo. Anakonza mayeso atsopano a magawo asanu ndi limodzi, a mapointi 600. Mwa zina, msilikali anafunika kunyamula citsulo colemera kucokera pansi, kuponya mpira wa makilogramu 4.5 cam'mbuyo, ndi kukoka cileyi ca makilogramu 41, monga ngati akukoka mnzake wovulala. Poyamba anafuna kuti muyeso ukhale umodzi kwa onse, amuna ndi akazi, acinyamata ndi acikulire. Koma Nyumba ya Malamulo ya dzikolo inalamula kuti payambe pacitika kafukufuku wa anthu apadera. M'caka ca 2022 bungwe la RAND linatulutsa zotsatira zake, zoonetsa kuti akazi ndi asilikali acikulire anali kulephera kwambiri kuposa anzawo. Motero mapointi anayamba kuwerengedwa molingana ndi zaka za munthu ndiponso ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo mayesowo anayamba kulowa m'mabuku a asilikali mu Okutobala 2022.

Kusintha sikunathere pomwepo. M'caka ca 2023 mapointi a kukwezedwa ocokera ku mayeso a thupi anaikidwa pa 120, kutsika kucokera pa 180 paja. Mu Juni 2025 anacotsa gawo la kuponya mpira, natsala magawo asanu a mapointi 500. Kwa asilikali a nchito zomenya nkhondo maso ndi maso anaika muyeso umodzi kwa amuna ndi akazi, wofuna mapointi 350, pamene a nchito zina afunika 300. Taonani, m'zaka zitatu zokha muyeso unasintha kangapo, ndipo nthawi iliyonse panali ena amene anakwera ndi ena amene anatsala, ngakhale kuti anthuwo anali omwewo.

Ife tiona kuti mphamvu za thupi ziyenera kukhala ngati khomo limene msilikali aliyense ayenera kulowerapo, ndipo khomolo lisakulitsidwe cifukwa ca cifundo conama, pakuti moyo wa anzake uli pamenepo. Koma munthu akalowa pakhomo, funso la amene atsogolere anzake liyankhidwe makamaka ndi khalidwe lake, luso lake, ndi umboni wa amene agwira naye nchito. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo gulu limene lisiya m'mbuyo anthu odziwa nchito cifukwa ca masekondi ocepa a liwiro lidzasowa wozimitsa moto pa tsiku loipa.

Mayi amene mwana wake ali ku nkhondo safunsa kuti sajeni wa mwanayo amathamanga mamailosi awiri m'mphindi zingati. Iye afuna kudziwa ngati sajeniyo adzamusamala mwana wake ndi kubwera naye kunyumba wamoyo. Kuti zitero pafunika miyendo yolimba, ndithudi, koma pafunikanso mutu ndi mtima. Kuthamanga si kufika.